Nsanja anaimanganso, koma ine maso ali pakhomo

Mukapatuka mu Broad Street, mumzinda wa Birmingham ku England, n'kulowa kudera la maofesi lotchedwa Brindleyplace, maso amatopa msanga. Kuli nyumba zitalizitali za mabanki ndi makampani, malo odyera owala magalasi, anthu a masuti akuthamangira nkhomaliro foni ili kukhutu. Kenako mumangoti tulukiru pa kabwalo ka Oozells Square, ndipo patsogolo panu pali chinyumba cha njerwa zofiira, mawindo ake osongoka kumutu, nsanja italoza kumwamba. Mlendo amayamba waganiza kuti ndi tchalitchi. Inenso tsiku loyamba ndinafunafuna mtanda padenga, osaupeza. Imeneyi inali sukulu ya Oozells Street, ya ana aang'ono, ana a anthu ogwira ntchito m'mafakitale, ndipo inatsegulidwa mu Januwale 1878 kuti izilandira ana 807.

Choko ndi masileti zinatha kalekale. Kuyambira mu 1998 m'nyumbayi muli Ikon Gallery, malo oonetserako ntchito za aluso a masiku ano: zojambula, zosema, makanema, ndi zina zoti munthu umaziyang'ana n'kukanda m'mutu. Kulowa n'kwaulere.

Anthu okonda nyumba zakale akamayamikira ntchito imene inagwiridwa pano, pakamwa pawo sipachoka nsanja. Inagwetsedwa mu 1976 chifukwa inkaopseza kugwera anthu, ndipo pokonzanso nyumbayi cha m'ma 1997 anaimanganso potsatira maonekedwe ake akale. N'zoona, ndi yokongola. Koma ine ndikuti chinthu chamtengo wapatali chimene chinapulumuka pano ndi khomo. Nyumba imene inamangidwa ndi msonkho wa anthu kuti mwana wa mmphawi alowemo, tinganene kuti taisunga pokhapokha ngati mdzukulu wa mmphawi uja angathe kukankha chitseko lero n'kulowa popanda womufunsa kuti akufuna ndani.

Kuti mfundoyi imveke, tiyenera kudziwa kumene sukulu zamtunduwu zinachokera. Chisanafike chaka cha 1870, maphunziro a ana osauka ku England anali m'manja mwa mipingo ndi anthu akufuna kwabwino, ndipo m'mizinda ya mafakitale ana ochuluka sankaponda n'komwe m'kalasi. Ku Birmingham konkuno, mu 1869, George Dixon, Joseph Chamberlain ndi anzawo anayambitsa National Education League, gulu lomenyera kuti mwana aliyense aphunzire, kwaulere, popanda mpingo wina kumuika m'thumba mwake. Sanapeze zonse zimene ankafuna, koma lamulo la maphunziro la 1870, limene anatsogolera William Forster, linalola kuti dera lililonse losowa sukulu lisankhe bungwe loyendetsa maphunziro, lokhala ndi mphamvu yotolera msonkho ndi kumanga. Amayi okhoma msonkho ankavota pa zisankho za mabungwewa, ndipo mayi ankatha kupikisana nawo, zaka zambiri amayi asanaloledwe kusankha aphungu a Nyumba ya Malamulo. Kukakamiza ana kupita kusukulu kunabwera mu 1880, ndipo fizi inachotsedwa m'sukulu zambiri mu 1891.

Bungwe la ku Birmingham linapereka ntchito yojambula mapulani ku kampani ya Martin & Chamberlain, imene inamanga sukulu zoposa 40 mumzindawu. Mwini luso pakampanipo anali John Henry Chamberlain. Sanali pachibale ndi Joseph uja, dzina lokha ndilo linafanana. Iyeyu ankatsatira maganizo a John Ruskin, amene ankaphunzitsa kuti kukongola si kwa olemera okha, ndi kuti nyumba imaumba mtima wa okhalamo. Ndiye taganizani: mwana akuchokera m'tinyumba togundana misana, topanda zenera kumbuyo, chimbudzi chimodzi mabanja angapo, utsi wa malasha uli tolo mumsewu. Akuyenda mphindi zochepa, n'kulowa m'nyumba ya denga lalitali, ya mawindo aakulu kuposa chitseko cha kwawo, njerwa zake zoyalidwa mwaluso ngati za nyumba ya bishopu. Asanaphunzire ngakhale chilembo chimodzi, nyumbayo yamuuza kale kuti mzinda ukumuwerengera. Nyuzipepala ina ya ku London, Pall Mall Gazette, inalemba m'zaka za m'ma 1890 kuti ku Birmingham sukulu ya bungwe umaizindikira chifukwa ndiyo nyumba yabwino koposa m'dera lonselo.

Nsanja ija sinali yongokometsera. Anthu a nthawi ya Mfumukazi Victoria ankaopa kwambiri mpweya woipa, ndipo ana mazanamazana ounjikana m'zipinda, zovala zonyowa ndi mvula, moto wa malasha ukuyaka, mpweya wake mutha kuuganizira. Ndiye amisiri ankaboola njira m'makoma zotengera mpweya wotentha ndi wogwiritsidwa kale ntchito kupita kunsanja, kumene unkatulukira pamwamba pa madenga, wabwino n'kumalowa m'munsi. Nsanja inali mphuno ya sukulu. Mawindo anawaika m'mwamba kuti kuwala kufike mpaka ku desiki yakumbuyo, komanso, tinene zoona, kuti ana asamaone zochitika mumsewu. Ndipo poti malo pakati pa mzinda anali ochepa ndi odula, sukulu ya Oozells Street inakwera m'mwamba, zipinda zosanjikana katatu.

Ndisakometse mopitirira. M'nyumba zokongolazi munali ndodo, munali kuloweza pamtima kosatha, ndipo kalasi ya ana 60 sinali yachilendo. Kwa zaka zambiri ndalama zimene boma linkapereka kusukulu zinkadalira mmene ana akhozera mayeso pamaso pa woyendera sukulu, choncho mphunzitsi ankaphunzitsa ndi mantha, ana n'kumaphunzira ndi mantha. Amene tinaphunzirapo titakhala pansi, tili oposa 100 m'chipinda chimodzi, nambala ya 60 sititutumuka nayo. Koma mfundo ndi yakuti njerwa zinali zabwino kuposa maphunziro ake, ndipo njerwazo ndi zimene zatsala.

Zatsala movutikira. Mabungwe aja anathetsedwa ndi lamulo la 1902, sukulu n'kupita m'manja mwa makhonsolo. Pang'ono ndi pang'ono mafakitale a m'mbali mwa ngalande za maboti anatsekedwa, tinyumba tija tinagumulidwa, mabanja anasamutsidwira kutali, ana n'kusowa. Nyumba ya Oozells Street inakhalapo koleji, kenako khonsolo inkangosungiramo mipando. Nsanja itachotsedwa inatsala ngati nkhuku yodula mutu, pakati pa mabwinja ndi malo oimikapo magalimoto. Kumudzi timadziwa kuti nyumba ikasowa utsi chiswe chimalowa. Ku England chiswe chake ndi madzi: paipi ya padenga ikatsekeka ndi masamba popanda woona, madzi amalowa m'khoma, matabwa amawola, nkhunda zimalowa pazenera losweka, ndipo pakatha zaka khumi wina amabwera ndi lipoti lakuti kukonza n'kodula kuposa kugwetsa.

Chimene chinaipulumutsa ndi zinthu ziwiri. Inalembedwa m'kaundula wa nyumba zotetezedwa ndi lamulo, pa mlingo wa Grade II, kotero kuti kampani imene inayamba kumanga Brindleyplace mu 1993 sikanatha kungoitumizira chigalimoto chogumulira. Chachiwiri, panapezeka woifuna. Ikon inayamba mu 1965 m'kakanyumba ka magalasi kumsika wa Bull Ring, ndipo inakhala ikusamukasamuka m'malo obwereka. Ndalama za National Lottery, lotale ya dziko lonse, zitayamba kuthandiza ntchito za chikhalidwe, mwayi unapezeka, ndipo akatswiri a mapulani a Levitt Bernstein anapatsidwa ntchito.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi oyamikira mosaona mbali. Zimene anachita amisiriwa, kunena mosapsatira, ndi kutumbula nyumba. Makoma akunja anawasiya, koma m'kati anaikamo mafupa atsopano a zitsulo ndi pansi patsopano, kuti papezeke zipinda zazikulu zoyera mbee zopachikamo zithunzi. Masitepe ndi chikepe anaziika m'zipinda za magalasi zomata kunja kwa khoma lakale. Zimenezo ndimazikonda, chifukwa sizinama: chatsopano chikuoneka kuti n'chatsopano, ndipo pokwera umadutsa pafupi ndi njerwa za 1877 moti ungazikhudze, pamalo pamene kale pankafika mbalame zokha. Chikepecho chimayimba, mawu a kwaya amakwera pamene chikukwera, n'kutsika pamene chikutsika, ndipo ana safuna kutulukamo. Koma ukalowa m'zipinda zoonetsera zija, palibe chokuuza kuti muno munkakhala ana. Ukhoza kukhala uli ku Berlin kapena ku Johannesburg. Akanasiya chipinda chimodzi chokha, ngakhale kangodya, mmene chinalili, ndi madesiki ake ndi mbaula yake, sakanataya kanthu.

Nsanja yatsopanoyo nayo sipuma. M'kati mwake ndi zitsulo, ndipo mpweya wa m'nyumbamo umayendetsedwa ndi makina. Pali akatswiri ena osunga nyumba zakale amene amati kumanganso chinthu chimene chinagwa ndi bodza, ndipo maganizo amenewa ndi akale ku England, anayambira kwa Ruskin yemwe uja ndi William Morris, amene mu 1877, chaka chimene sukuluyi inkajambulidwa, anayambitsa bungwe loteteza nyumba zakale kwa anthu ozikonza mopitirira muyeso. Ndimawamva. Komabe pa nkhani iyi sindili nawo. Popanda nsanja, nyumbayi ikanamira pakati pa zimphona za maofesi zoizungulira. Nsanja ikugwira ntchito ina tsopano, yoitana munthu ali patali. Bola asamatiuze kuti ndi yakale.

Tsono tiyerekeze ndi zimene zachitikira sukulu zina zambiri za m'badwo womwewu, makamaka ku London, kumene wojambula mapulani E. R. Robson ndi omutsatira anamanga mazana a sukulu za njerwa zachikasu ndi zofiira, zazitali kuposa nyumba zonse zozizungulira. Zambiri zikuphunzitsabe ana mpaka lero. Koma zina zambiri zinagulitsidwa n'kusandutsidwa nyumba zogona za anthu opeza bwino. Zinthu zomwe zija anaikira ana osauka, denga lalitali ndi mawindo aakulu, ndi zimene otsatsa malonda amalemba ndi zilembo zazikulu. Pamwamba pa makomo pakadali miyala yosemedwa mawu osonyeza polowera anyamata, polowera atsikana, polowera ana aang'ono, ndipo eni ake atsopano amaikonda kwambiri miyalayo. Bwalo losewerera linasanduka poimika magalimoto. Pachipata pali loko wa manambala ndi kamera. Kunja zonse zili m'malo mwake, njerwa zatsukidwa, utoto wapakidwa, ndipo wolemba kaundula wa nyumba zakale akhoza kuchonga kuti yasungidwa. Chikomekome cha mkuyu. Mayi wachikulire amene anaphunzira kuwerenga m'chipinda chapamwambacho amangoima kutsidya kwa msewu n'kulozera mdzukulu wake.

Ndikudziwa yankho la omanga nyumba, ndipo si lopusa. Amati: kodi mumafuna igwe? Denga la sileti la nyumba yotere limadya ndalama zoopsa, mawindo ake ndi osema mwapadera, kutenthetsa zipinda zazitali chotero m'nyengo yozizira n'kowawa m'thumba. Khonsolo ilibe ndalama, ana m'deralo achepa, anthu akusowa pogona. Munthu wogula chipinda m'nyumbamo ndiye amene adzalipire kukonza denga zaka 50 zikubwerazi. Ndipo si sukulu iliyonse imene ingasanduke malo a zaluso, mzinda umodzi sungakhale ndi ma Ikon 40.

Zonsezi n'zoona, ndipo ndikavomera kuti pakati pa kugwa ndi kusanduka nyumba zogona, bola nyumba zogona. Umboni uli ku Birmingham komweko. Ku Hockley kuli sukulu ya Icknield Street, ya 1883, ya amisiri omwewa, imene akatswiri amaiika pa mlingo wapamwamba kuposa ya Oozells Street. Kwa zaka zambiri yakhala pa mndandanda wa nyumba zakale zimene zili pa chiopsezo. Ili kutali ndi mabanki, palibe kampani yaikulu yomanga maofesi pafupi imene ikufuna chokongoletsera bwalo lake. Luso la mmisiri ndi lomwelo, njerwa ndi zomwezo, chosiyana ndi keyala basi.

Koma chimene ndikukana ndi chakuti njira zilipo ziwiri zokha. Kawirikawiri amatiika pa mphambano imeneyi mochedwa dala. Sukulu imatsekedwa, imakhala zaka zingapo mawindo atakhomedwa matabwa, madzi akuchita zawo, ndipo pofika tsiku logulitsa, gulu la anthu a m'deralo limene likanafuna kuikamo laibulale, sukulu ya mkaka, chipatala chaching'ono kapena malo ophunzirira ntchito zamanja silingathenso kukwanitsa mtengo wokonzera. Wotsala ndi wa chikwama chachikulu. Chisankho chenicheni chimachitika chaka choyamba chija, pamene wina mu ofesi amaona kuti kutuma munthu kukachotsa masamba m'mapaipi a padenga ndi kuwononga ndalama.

Ngakhale pamene nyumba zogona ndizo zokha zingalipire denga, khonsolo yogulitsa ili ndi mphamvu yoika mfundo m'pangano. Sukulu zambiri za mtunduwu zili ndi holo yaikulu. Holo imeneyo itha kutsala ya anthu onse, yochitiramo misonkhano, maphwando a ukwati, maphunziro a madzulo, zipinda zam'mwamba n'kukhala zogona. Wogula adzadandaula kuti phindu lachepa. Lichepe. Malo anagulidwa ndi msonkho, njerwa zinagulidwa ndi msonkho, ndipo khonsolo ya lero yangosungitsidwa, sinaumbe njerwa ngakhale imodzi.

Boma la Britain nalo lili ndi mlandu wake. Munthu womanga nyumba yogona yatsopano salipira msonkho wa VAT pa ntchitoyo, koma wokonza nyumba yakale kawirikawiri amalipira 20 peresenti. Mpaka mu 2012 panali kupepukirako kwa osintha nyumba zotetezedwa, koma anakuchotsa. Ndiye boma lomwelo limene limalemba nyumba m'kaundula kuti isagwetsedwe, limalanga woikonza n'kupepuza woyamba pa dothi. Kenako tizidabwa kuti nyumba zakale zikuwola?

Ndipo amene amaganiza kuti chatsopano ndiye cholimba anaphunzira phunziro lowawa kumapeto kwa Ogasiti 2023. Kutatsala masiku ochepa kuti teremu iyambe, sukulu zoposa 100 ku England zinauzidwa kutseka zipinda kapena nyumba zonse chifukwa madenga ake anali a konkire yopepuka yotchedwa RAAC, imene inkagwiritsidwa ntchito kuyambira m'ma 1950 mpaka m'ma 1990, ndipo imatha kugwa mosachenjeza. Ana anaphunzirira m'makontena ndi pa intaneti. Nthawi yomweyo sukulu za njerwa za m'ma 1870 ndi 1880 zinatsegula zitseko monga mwa masiku onse. Zina mwa sukulu za konkirezo zinamangidwa m'zaka zomwe mizinda inkaona nyumba za nthawi ya Victoria ngati zonyansa zoyenera kuchotsedwa, zaka zomwe nsanja ya Oozells Street inagwetsedwa.

Wa ku Blantyre nkhaniyi sangaione yachilendo kwenikweni. Mandala House, ya kampani ya African Lakes, inamangidwa mu 1882, patangopita zaka zinayi sukulu ya Oozells Street itatsegulidwa, mu ulamuliro wa mfumukazi yomweyo. Sinali sukulu, ndipo sinamangidwire osauka. Koma chimene chaiimika mpaka lero n'chomwechi: pansi pali malo a zaluso ndi odyera, pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi, ndiye tsiku lililonse wina amatsegula mawindo, amasesa, ndipo denga likadontha amaona tsiku lomwelo.

Funso lovuta kwambiri kwa ine ndalisunga dala. Kodi khomo laulere ndi khomo lotseguka? Brindleyplace ili m'dera la Ladywood, limodzi mwa madera osauka kwambiri mumzindawu. Ukayenda mphindi khumi kuchoka pa Oozells Square ufika m'nyumba za khonsolo kumene mabanja akuvutika kulipira magetsi. Kodi mayi wa kumeneko, ndi ana ake atatu ndi ngolo ya khanda, amamva kuti zipinda zoyera zija ndi zake? Ndikukayika. Pali mipanda ina yosaoneka: kukhala chete kwa m'nyumbamo, mtengo wa kapu ya khofi pansipo, chilankhulo cha timapepala tofotokoza zithunzi chimene ngakhale wa digiri amachiwerenga kawiri. Mu 1878 mwana sankachita kuitanidwa, sukulu inali yake, ndipo patapita nthawi ankatumiza munthu kukamufuna kunyumba akajomba. Ikon singatume munthu kukagogoda m'makomo. Imagwira ntchito ndi masukulu ndi achinyamata, ndipo pamenepo ndi pamene ndimaiyeza, osati pa mayina otchuka a aluso amene yawaonetsa. Komabe mpanda wa manyazi munthu amatha kuulumpha tsiku lina, mwina chifukwa mvula yamupeza panjira, mwina chifukwa mwana wamva za chikepe choyimba. Loko wa manambala salumphika.

Khomo limeneli silili lotseguka mwa chilengedwe, pali amene akulipira. Mu Seputembala 2023 khonsolo ya Birmingham inalengeza kuti ndalama zake sizikukwananso, ndipo chaka chotsatira inagamula zodula theka la thandizo lake ku mabungwe a zaluso, n'kudzalithetseratu chaka chinacho. Ikon inali pa mndandandawo. Thandizo lake lalikulu limachokera ku Arts Council England, bungwe la boma lothandiza zaluso, choncho sinatseke. Koma khonsolo yomweyo ikugulitsa katundu wake kuti itseke ngongole, ndipo m'mizinda yambiri ya ku England nkhani ndi yomweyo. Pa mindandanda ya zogulitsa yotere pamapezeka malaibulale akale, maholo, mabafa osambira a anthu onse, ndi sukulu zakale. Zonse ndi za m'badwo umodzi uja umene unkakhulupirira kuti nyumba yabwino koposa m'dera iyenera kukhala imene aliyense angalowemo. Chinthu chikagulitsidwa kamodzi sichibwerera, palibe khonsolo imene idzakhale ndi ndalama zoombola.

Mwezi wa Epulo ukamayandikira, mitengo ya matcheri ya pa Oozells Square imachita maluwa ofiirira, ndipo anthu amabwera ambirimbiri kudzajambulitsa, nsanja ija ili kumbuyo kwawo. Ambiri amajambula n'kumapita. Ulendo wina ndili pabenchi pomwepo ndinaona kalasi ya ana a pulayimale atavala timajekete tonyezimira, akuyenda awiriawiri atagwirana manja, ena a mipango kumutu, ena a tsitsi loluka, mmodzi akulira chifukwa mnzake wamuponda. Atafika pakhomo aphunzitsi anawaimitsa, n'kuyamba kuwawerenga mitu mmodzimmodzi. Anasokoneza, n'kuyambiranso.